Thabwa Lokhota la Che Twaibu

Che Twaibu anawaika m'manda Lachisanu lapitali, ndipo ine sindinalire. Kumaliroko ndinapita, chifukwa pano pa Senga Bay ukapanda kuoneka pamaliro anthu amakusunga m'kamwa chaka chathunthu. Ndinakhala pakati pa amayi anzanga, chitenje kumutu, koma msozi ngakhale umodzi sunagwe. Mayi wina amene anandikhalira pafupi ankangobwereza kuti tataya munthu wabwino, munthu amene sanamenyepo wantchito, sanatukwanepo mwana wa munthu. Ine ndinangoti eya, n'zoona. N'zoonadi, sanamenyepo munthu. Akanakhala omenya, bwenzi amuna anga atathawa kalekale, ife tikukhala kwina ngati anthu.

Kwa amene simunawadziwe, Che Twaibu ndi amene anali eni malo okhomera maboti a matabwa, pansi pa mtengo wa bwemba uja uli kumapeto kwa mudzi wa asodzi. Amuna anga, a Lufeyo, bambo a Esnati, agwira ntchito pamenepo kuyambira tisanakwatirane mpaka maso awo atayamba kuchita chifunga. Ife kwathu n'ku Chinguluwe, ndife Akhristu, anthu a khasu. A Lufeyo anatsikira kunyanja ali mnyamata kudzafuna ganyu yocheka matabwa, ati angopeza ya malaya basi abwerere kwawo. Malayawo anagula. Kubwererako ndiye mpaka lero.

Mkuluyo anali wamfupi, wouma ngati usipa wa pathandala, kandevu kosongoka, mkanjo woyera umene sunkada ngakhale ankakhala pakati pa phula ndi utuchi. Tsiku lonse anali pa mpando wa ndalema, mswachi kukamwa, maso ali pa manja a anthu. Mawu ake anali otsika moti kuti umve unkayenera kusiya zimene ukuchita n'kuwerama. Ine ndimati nachonso chinali chinyengo. Munthu wamkulu ndi ndevu zake kumawerama ngati akulandira mdalitso, chonsecho akungouzidwa kuti akatenge misomali.

Polemba munthu ntchito sankafunsa kuti waphunzira kuti, kapena unagwirapo kwa yani. Ankamuuza kuti abwere mawa, ndiye panjira yolowera pabwemba ankasiyapo dala chinthu chosakhala bwino, kaya sowo yogona pamchenga mano ali m'mwamba, kaya thabwa lotsamira moti ligwa. Wolumpha n'kudutsa ankamubweza mwaulemu, ati ntchito palibe. Woima n'kukonza, ameneyo ndiye ankamutenga. A Lufeyo nkhani imeneyi amaikamba monyadira, kuti iwo anatola sowo ija n'kuipukuta ndi malaya awo. Ine ndikaimva ndimangopukusa mutu, chifukwa mkuluyo ankafuna anthu a matenda amenewa, osatha kudutsa chinthu chokhota, ndipo amuna anga anadziulula okha tsiku loyamba.

Ntchito ikalakwika sankakalipa. Ankadzuka pampandopo, kuvula mkanjo, kuupinda bwinobwino, n'kugwada pamchenga kuyamba kuzula okha misomali imene wakhoma iwe, osakuyang'ana, osanena kanthu. Iwe waima pamenepo manja ali lende, anzako akuonerera nkhalamba ikukonza zimene waononga. Ena ankanena kuti bola akanangowawomba mbama zithe. Ntchito ikakhala yabwino, sankakuyamika iweyo ayi. Ankasisita thabwalo ndi chikhatho, kenaka n'kuitana aliyense wodutsa, kaya ndi mayi wosenza dengu la nsomba kaya ndi shehe akupita kumzikiti, kuti adzaone mmene Lufeyo walumikizira matabwa moti ngakhale tsitsi silingalowe. Tsiku lotero a Lufeyo ankafika pakhomo akuimba, m'thumba muli mbee. Ine ndinkawafunsa ngati chiyamikirocho ndichiphike ndi tomato kapena ndichitendere. Malipiro pamenepo anali a sopo ndi mchere, ndipo sanapitirirepo apo.

Lachisanu masana Asilamu onse akapita koswali, makiyi a bokosi la zida ankawasiyira a Lufeyo, Mkhristu wochokera kumtunda, osati achibale awo. Lamulungu sankawaitana, ndipo za chipembedzo sanawakakamizepo ngakhale kamodzi. Amuna anga makiyiwo ankawamangirira m'chiuno ngati apatsidwa ufumu.

Koma chingwe chenicheni chimene ankamangira anthu chinali china. Msodzi akabwera kudzaitanitsa boti, Che Twaibu sankalola kuti thabwa ngakhale limodzi lichekedwe wokhomayo asanakadye kunyumba kwa msodziyo. Kwina konse amangokambirana kutalika kwa boti ndi mtengo wake, zatha. Kwa iwo ayi. Ankamutuma fundi, ndiye kuti mmisiri, kuti akakhale pamphasa ya mwini boti, akaone mkazi wake, akanyamule ana ake pamiyendo, akadziwe maina awo. Akabwerako, mkuluyo pantchito sankatchulanso dzina la msodzi. Ankati boti la bambo ake Fatuma, boti la bambo ake Amidu. Ndiye tandiuzani, munthu wanyamula mwana dzulo, mwanayo mpaka wamukodzera pakabudula, lero angaike thabwa lachabechabe pansi pa boti la bambo ake? A Lufeyo ankasiya chakudya m'mbale kubwerera kubwemba chifukwa akumbukira kuti pena pake sanamate thonje ndi phula mokwanira. Palibe amene ankawatuma.

Zaka zimenezo anyamata a chipani ankabwera ndi ndodo kudzatulutsa anthu m'nyumba kuti akalambule msewu akuluakulu akamabwera. Sindinena zambiri. Anthu ankapita, n'kumangokanda dothi pamwamba, wa ndodo akatembenuka makasu onse n'kuima. Che Twaibu ankapita nawo, poti wokana ankadziwa kumene akagone, ndipo antchito awo ankawagulira makadi a chipani msangamsanga kuti pasapezeke wogwidwa pamsika ntchito n'kuima. Koma akabwerera pabwemba, pakati pa anthu awo okhaokha, ankanena chapansipansi kuti anyamata aja ndi zitsiru, sadziwa kugwiritsa munthu ntchito. Ankati ndodo imagwira ntchito mwini wake akadali chiimire, ndalama nayo imatha mphamvu mwezi usanathe, koma munthu ukamupatsa chinthu choti chikaonongeka chimuwawe iye mwini, ukhoza kupita ku Makka n'kubwerako, udzamupeza akadali pomwepo. Antchito ankamva zimenezi ngati nzeru zakuya. Ine ndinkamva munthu akufotokoza mmene amatchera msampha wake.

Tsiku limene sindidzawakhululukira ndi ili. Chinali chaka chimene ankayala njanji yochokera ku Salima kupita ku Lilongwe. Kunkafunika akalipentala, ndipo mlamu wanga wina amene ankagwira kumeneko anawapezera malo a Lufeyo. Ntchito ya pamwezi, nyumba ya malata pa boma, sukulu pafupi, chipatala pafupi. Esnati nthawi imeneyo anali atangoyamba sukulu, mutu wake wakuthwa, aphunzitsi akumukonda. Ndinavina ndekha kuseri kwa nyumba, sindikunama. Uthenga unali woti akaonekere Lolemba m'mawa, akapanda kufika malowo apatsa wina, poti ofuna anali ambirimbiri.

A Lufeyo anakawauza Che Twaibu nthawi ikadalipo. Ine ndinkayembekezera kuti mkuluyo akalipa, kapena alonjeza kukweza malipiro, ndipo pa zonsezo ndinali nditawaloweza kale amuna anga zoyankha. Sanachite chilichonse cha izo. Anangoti Mulungu akutsogolereni fundi, njanji nayo ndi ntchito. Anawapatsanso tchizulo chawo chabwino kwambiri kuti chikawathandize kumeneko. Ine mpaka ndinayamba kudzifunsa kuti kapena ndinkamuganizira zoipa munthu wosalakwa.

Pa nthawiyo pabwemba panali boti la msodzi wina dzina lake a Yusufu, bambo ake Amidu, lili pakati. Msana ndi nthiti zinali zitaima, matabwa a m'munsi asanakhomedwe. A Lufeyo anali atakadya kale kwa a Yusufu, ndipo Amidu, kamwana kongoyamba kuyenda, kanali katawagonera tulo pamiyendo.

Lolemba m'mawa tinanyamuka, a Lufeyo atasenza bokosi la malata, ine ndi Esnati tikuwaperekeza kumsewu kukakwera lole. Njira yopita kumsewu imadutsa pabwemba, ina kulibe. Tikuyandikira tinamva kukhoma. Che Twaibu anali pampando wawo, mswachi kukamwa, ndipo pa boti la a Yusufu panali Kasimu, mwana wa mlongo wawo, munthu wamkulu ndithu koma woti akagwira nyundo chala chake ndiye chimayamba kulira msomali usanalowe. Ntchito ya Kasimu masiku onse inali kutenthetsa phula. Tsiku limenelo anamupatsa thabwa la pansi penipeni, lokhudza msana wa boti, ndipo thabwalo linali laliwisi, madzi akuchita kuonekera mmene sowo inadutsa. Ngakhale ine wa khasu ndinadziwa kuti likauma lidzasiya mpata. Kasimu ankalikhoma chokhota, msomali ukapindika iye n'kungoupondereza momwemo. Ndipo munthu amene moyo wake wonse ankavula mkanjo n'kugwada pamchenga chifukwa cha msomali umodzi, tsiku limenelo anali phee, akuyang'ana kwina.

A Lufeyo anaima. Ndinawakoka malaya, ndinawauza kuti lole siidikira munthu. Anayenda pang'ono, Kasimu n'kumenyanso, thabwa n'kulira mong'aluka, iwo n'kuimanso ngati wina wawaponda pachilonda.

"Che Twaibu, thabwalo ndi laliwisi," anatero.

Mkuluyo anachotsa mswachi kukamwa. "Pitani fundi, mungachedwe. Bambo ake Amidu amadziwa kusambira."

Basi, mawu ake anali omwewo. Amuna anga anatula bokosi pamchenga, ati angomuonetsa Kasimu pokhoma, kanthawi kochepa. Anazula thabwalo. Atazula anati sangasiye boti lili chotsegula, asankhe louma. Atasankha anati alipale kaye. Ine ndili chiimire ndi mwana padzuwa, lole inaliza hutala kumsewu, inalizanso, n'kupita. Mawa lake a Lufeyo anapita pa boma n'kupeza malo apatsa munthu wina wa ku Chipoka. Munthu ameneyo lero ali ndi nyumba yake ya njerwa, ana ake anaphunzira. Esnati wanga sukulu anaisiyira panjira, ndalama ya fizi itasowa, n'kuyamba kuyanika usipa wa eni ake.

Ndinapita pabwemba ndekha sabata yomweyo. Za ulemu ndinazisiya kunyumba. Che Twaibu ndinawaloza chala m'maso antchito awo akuona, ndinawauza kuti anachita dala, kuti ndi mfiti yovala zoyera, kuti adya tsogolo la mwana wanga. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera. Kenaka anatambasula manja kuloza mbali zonse.

"Amake Esnati, pano pali mpanda? Pali chitseko? Ndamugwira dzanja ndani?"

Mpaka lero mawu amenewo ndi amene amandipsetsa mtima. Munthu wokumenya ukhoza kukamusumira, n'kuonetsa chilonda anthu aone. Nanga awa ndikanakanena kuti achita chiyani? Kuti anakhala pampando wawo? Kuyambira tsiku limenelo sindinawapatsenso moni zaka zonsezi. Iwo ankandipatsa nthawi iliyonse tikakumana, mwaulemu wonse, ndipo pa Idi ankatumiza mpunga ndi nyama kunyumba kwathu. Mpungawo ndinkathira nkhuku. Nyamayo, ndisaname, tinkadya.

Sindikana, boti lotuluka pabwemba silinang'alukepo pamadzi. Mwera ukakalipa, akazi amene amuna awo akwera maboti a kwina ndi amene ankathamangira kugombe manja ali kumutu. Sindikananso kuti tsiku lokankhira boti latsopano m'madzi nkhope ya a Lufeyo inkawala mwa mtundu umene ine sindinauonepo pakhomo pathu, ngakhale pa ukwati wathu. Ndinawafunsapo tsiku lina tili awiri kuti kodi mkuluyu anakudyetsani chiyani. Anandiuza kuti sanawadyetse kanthu. Anati pabwemba palibe amene amawauza kakhomedwe, amakhoma mmene akudziwira iwo, ndipo akaona boti lawo likuchokera pakati pa nyanja anthu onse ali momwemo, amamva kuti sanabwere padziko pano kudzangodya. Ndinawauza kuti zimenezo n'zabwino, koma zinali zawo, anabadwa nazo, ndipo Che Twaibu anangozipeza n'kumazikama ngati ng'ombe ya eni.

Ana awo a Che Twaibu, obereka okha, palibe amene anakhala pabwemba. Onse anathawira m'tauni atangomera ndevu. Iwo anakulira m'nyumba ya mkuluyo, ankamudziwa. Otsala anali ana a anthu ena.

Maso a amuna anga anayamba kuvuta zaka zingapo zapitazo, ndipo chaka chatha anasiya ntchito. Esnati anakwatiwa pa boma, mwamuna wake ndi telala, munthu wachifundo. Anatimangira kachipinda kuseri kwa nyumba yawo kuti bambo ake akhale pafupi ndi chipatala, poti adokotala anati ng'ala imeneyi tikaichedwetsa maso atsekeka. A Lufeyo anavomera, ndipo ulendo uno anavomera ndi mtima wonse. Tinagwirizana zonyamuka mwezi uno. Nkhani inamveka m'mudzi, monga zimakhalira.

Ndiye mverani zimene inachita nkhalamba ija, ikudwala, miyendo itatupa, yoti kuchoka panyumba kufika pabwemba ankachita kuigwirira. Malowo anali atazilala kale, antchito atabalalika. Mwadzidzidzi tinangomva kuti Che Twaibu alandira ntchito ya boti limodzi lomaliza. La yani? La Amidu, mwana wa malemu a Yusufu, kamwana kaja kanagona pamiyendo ya a Lufeyo, lero ndi bambo wa ana ake. Kasimu ndi anthu aganyu anaimika msana ndi nthiti. Thabwa loyamba la pansi analikhoma Che Twaibu okha ndi manja awo, atagwada, anthu akuwaletsa. Analikhoma chokhota. Patapita masiku owerengeka anagona osadzukanso.

Anthu akuti anali matenda, manja ankanjenjemera. Ena mpaka akulira kuti taonani kukonda ntchito, munthu kufa nyundo ili m'manja. Asa! Ine mkuluyo ndamuda zaka zambiri, ndipo munthu amene umamuda umamudziwa kuposa abale ake. Che Twaibu akanakhoma thabwa lowongoka ali m'tulo. Ndiponso wodwala amalakwitsa paliponse, koma iwo anasankha thabwa lomwe lija la pansi, mbali yoyang'ana kunjira imene a Lufeyo amadutsa popita kukasamba.

Pamaliro amuna anga anaima chapatali ndi Akhristu anzawo. Pobwerera sananene za malemuyo ngakhale liwu limodzi. Anangodandaula kuti jeneza, chonyamulira maliro chija, chikulira mbali imodzi, chikufunika wina achiyang'ane. Nditafika kunyumba ndinatenga nyundo yawo, kasemasema ndi tchizulo chija anapatsidwa, ndinazikulunga m'chiguduli, ndinaziika pansi penipeni m'thumba la mpunga limene tikupita nalo kwa Esnati, n'kusoka pakamwa pake. Ndinawauza maso ndi maso kuti Amidu si mwananso, akafune mmisiri wina, ndipo kuti maso awo akatsekeka palibe fundi amene adzawakhomere ena.

"Mwanena zoona, amayi," anatero. "Galimoto ikabwera Loweruka tikwera."

Lero m'mawa ndinabwera kotunga madzi n'kupeza pakhonde pamene amakhala palibe munthu. Ndinathamangira kuthumba la mpunga, lili chisokere. Ndinati mwina apita kukasamba, ndinatsata njira.

Pabwemba panalibe munthu. Utuchi wakale wada, wasakanikirana ndi manyi a mbuzi. Mgolo wotenthetsera phula wagona chammbali, mkati mwalowa mchenga. Mswachi wa mkuluyo ukadali pomwe ankausomeka, pa mng'alu wa khungwa la bwemba, palibe wauchotsa. Boti la Amidu lili pamitengo yake, nthiti zili m'mwamba. Koma thabwa lokhota lija pabotipo palibe. Lagona pamchenga, ndipo pambali pake pali mwala ndi kachitsulo kakale ka njinga kamene munthu wazulira misomali, poti zida zake mkazi wake anabisa. Misomaliyo yawongoledwa umodziumodzi n'kundandalikidwa bwinobwino. Pamulu wa matabwa ouma ena atulutsidwa n'kuimikidwa padera, monga amachitira munthu amene akusankha ndi manja chifukwa maso sakumuthandiza. Mapazi a nsapato za matayala ndinawazindikira. Sanalowere kunyanja, sanabwerere kwathu. Alowera njira ya kunyumba kwa Amidu, ndiye kuti apita kukaona ana.

Mpando wa ndalema unali utapindidwa n'kutsamiritsidwa kumtengo chidwalire eni ake. Lero wina wautambasula, waukhazika pamalo pake, wauyang'anitsa kuboti. Palibe amene wakhalapo, ndipo sipakufunikanso munthu.